Kodi kwacha ikagwa, mlimi aliyense amapindula?

Ku Lizulu ndi ku Tsangano kumamveka mphekesera yakuti kwacha ikatsika mphamvu, alimi onse amalemera chifukwa katundu wa Malawi amatchipa kunja. Si zoona.

Mu Novembala 2023 Reserve Bank of Malawi inatsitsa kwacha ndi 44 peresenti. Amene anapezako mpumulo ndi ogulitsa kunja pa madola, monga a fodya, tiyi ndi shuga. Mlimi wa mbatatesi, kabichi kapena tomato amagulitsa pa kwacha, kwa ogula ochokera ku Lilongwe ndi Blantyre, koma feteleza ndi mafuta a galimoto dziko limagula kunja ndi madola. Ndiye thumba la feteleza linakwera, mtengo wonyamulira katundu nawonso unakwera, pomwe ogula ake, omwe malipiro awo sanakwere mofanana, anayamba kunenerera kwambiri.