Musanaike ndalama pa tenisi, funsani kaye akusewerera pa bwalo lanji

Anyamata pano pa boma akangondiona amandiimitsa, "akochi, lero awina ndani?", foni ili m'manja atsegula kale ma odds. Ndaphunzitsa tenisi zaka zambiri ndithu ndipo chimene chimandiwawa nchoti ambiri amangoona ranking basi, uyu namba 3 uyo namba 40 ndiye zatha, tiketi ikapsa ayamba kudandaula kuti gemu anaigulitsa pomwe ndalama ija inali ya ufa kunyumba.

Ranking imangowerenga mapointi amene munthu watola pa masabata 52 apitawo, pa mabwalo onse kusakaniza. Msodzi wa ku Makawa sakankha bwato chifukwa choti chaka chatha anapha usipa wambiri, amayamba wayang'ana ngati mwera wadzuka lero. Ku tenisi choyamba kuyang'ana ndi bwalo.

Pa bwalo la dothi ngati la Roland Garros ku Paris, mpira ukagunda pansi umachepa liwiro nkudumpha mmwamba, ndiye sevu (kumenya koyambitsa mpira) yamphamvu siiopsa kwenikweni, amawina ndi wopirira amene atha kubweza mpira kambirimbiri osatopa, tangoganizani kuthamanga pa mchenga kunyanja dzuwa la Okotobala lili pamutu. Pa kapinga wa ku Wimbledon mpira umaterereka, umabwera mmunsi komanso mwachangu, wa sevu yabwino amadya bwino. Pete Sampras anawina Wimbledon ka 7 koma Roland Garros sanaigwireko ngakhale kamodzi. Rafael Nadal ku Paris anatenga chikho ka 14, ku Wimbledon kawiri kokha. Munthu yemweyo, raketi yomweyo.

Ndiye pali nkhani ya kasewero, kuti wina amamukanika mnzake osati chifukwa ndi wofooka ayi koma zida zawo sizigwirizana. Nadal ankasewera ndi dzanja lamanzere, mpira wake unkazungulira kwambiri nkumadumphira mpaka m'phewa, ndipo unkapita mbali ya backhand (kumenya chakumbuyo kwa dzanja) ya Roger Federer imene Federer ankamenya ndi dzanja limodzi. Yesani kumenya mpira uli m'phewa ndi dzanja limodzi kwa maola atatu muone. Awiriwa anakumana ka 6 ku Roland Garros, Federer sanawineko olo kamodzi. Nchifukwa chake mukamaona mbiri ya mmene anthu awiri akhala akugonjetserana, onaninso kuti magemuwo anali pa bwalo lanji, osangowerenga manambala.

Kutopa anthu amakunyozera. Mu 2018 Kevin Anderson wa ku South Africa anatulutsa Federer ku Wimbledon seti (chigawo cha gemu) yachisanu 13-11, kenako semi ndi John Isner inatenga maola oposa 6, seti yomaliza 26-24. Pofika mu fayinolo miyendo inali itatha, Novak Djokovic anangomudutsa maseti atatu olunjika. Amene anaonera semi ija sanadabwe.

Koma chimene ndimafuna anyamata amvetse kwambiri ndi kawerengedwe ka tenisi, poti mapointi salemera mofanana. Fayinolo ya Wimbledon ya 2019 Federer anawina mapointi 218, Djokovic 204, Federer anafika mpaka pokhala ndi mipata iwiri yomalizira gemu yonse sevu ili yake, koma chikho anatenga Djokovic chifukwa ma tie-break (kampikisano kothetsa seti anthu akalingana) onse atatu anali ake. Ine tsiku limenelo mtima unandiwawa zedi, ndipo palibe akanalosera zimenezo poona mapepala, mpira umodzi kutuluka pang'ono chabe pa mzere nkhani yonse yatembenuka.

Onaninso kuti akusewera maseti angati. Amuna ku ma Grand Slam (mipikisano ikuluikulu ngati Wimbledon ndi Roland Garros) amafunika kuwina maseti 3 mwa 5, ndiye katswiri akayamba moipa nthawi yodzuka ilipo. Azimayi, komanso amuna m'mipikisano ina yambiri, ndi 2 mwa 3, ola limodzi loipa wapakira katundu. Emma Raducanu anafika ku US Open ya 2021 ali namba 150, anachita kuyambira ku ma qualifier, magemu olimbirana malo olowera mumpikisano, nkuwina magemu 10 osataya seti ngakhale imodzi mpaka kutenga chikho ali ndi zaka 18.