Woyeza naye amayezedwa

Pepala likatuluka mu labotale lili ndi chidindo ndi siginecha, ambirife sitifunsanso kanthu. Akalemba kuti madziwa ndi abwino kumwa, timamwa. Akalemba kuti zitsulozi zingasenze nyumba yosanja, timamanga. Nanga wolembayo anayezedwa ndi ndani?

Ntchito yoyeza oyezawo ndiyo imatchedwa accreditation. Kampani imalandira satifiketi kuchokera ku bungwe lopereka masatifiketi, koma bungwelo nalo, pamodzi ndi malabotale ndi mabungwe oyendera makina kapena katundu, amaunikidwa ndi bungwe lina loima palokha. Gulu lililonse lili ndi muyezo wake: malabotale oyeza zinthu amatsata ISO/IEC 17025, a zachipatala ISO 15189, oyendera ISO/IEC 17020. Apa ndikonzeko bodza lina lofala. Bungwe la ISO, la ku Geneva lija, limangolemba miyezo. Silipereka satifiketi kwa munthu aliyense, choncho wokuuzani kuti "a ISO anatipatsa satifiketi" mufunseni dzina la bungwe lenileni limene linasayina.

Ine ndikapita kukaunika labotale sindithamangira mafayilo, chifukwa mafayilo amakonzedwa usiku woti mawa kukubwera alendo. Ndimayamba ndaima pa sikelo. Ndimawerenga kapepala komatidwa pambali pake: inayezedwa liti, ndi ndani, ndipo miyala yoyezerayo nayo inayerekezedwa ndi iti? Mzere umenewu uyenera kulondoleka osaduka mpaka ku miyezo ya dziko lonse lapansi. Kenako ndimapempha wogwira ntchito kuti ayeze ine ndikuona. Tsiku lina ndinapeza buku lolembamo kuzizira kwa firiji litadzazidwa bwinobwino, madigiri 4 tsiku ndi tsiku, mpaka Lachisanu. Linali Lachitatu. Mnyamata wolemba bukulo sanali wakuba ayi, anangozolowera kuti firiji sisintha. Koma firiji ikafa usiku, magazi kapena madzi osungidwamo amawonongeka, buku lili chikhalire kunena kuti zonse zili bwino.

Palinso mayeso ena amene malabotale amawaopa. Chinthu chimodzi chimagawidwa n'kutumizidwa ku malabotale ambiri, onse osadziwa yankho. Zotsatira zikabwera, amene wasiyana kwambiri ndi anzake amaonekera poyera, ndipo ayenera kufufuza chimene chalakwika.

Zimenezi sizinayambe dzulo. Bungwe la NATA, lounika malabotale ku Australia, linakhazikitsidwa mu 1947, ndipo mu 2000 mabungwe otere a mayiko ambiri anasayina pangano la ILAC, gulu lowasonkhanitsa pamodzi, loti azivomerezana zotsatira za malabotale awo. Kuti alowe m'panganolo, nawonso amaunikidwa ndi anzawo a mayiko ena potsata ISO/IEC 17011. Phindu lake ndi loti katundu woyezedwa kwawo angathe kulandiridwa kunja popanda kuyezedwanso, wogulitsa osalipira kawiri.

Koma chimene ndimafuna anthu atamvetsa ndi ichi: accreditation si bulangete lofunda labotale yonse. Imaperekedwa pa ntchito zotchulidwa mayina, ndipo zimalembedwa pa mndandanda wotchedwa scope. Labotale ingavomerezedwe kuyeza tizilombo m'madzi koma osavomerezedwa kuyeza mtovu m'madzi omwewo. Chizindikiro chili pakhoma, pa galimoto, pa kalata, ndipo palibe amene wanama, komabe mayeso amene inu mwalipirawo sali pa mndandanda. Apa ndi pamene ndimaona anthu ophunzira bwino akupusitsika.

Ndiye musanapereke chinthu chanu kuti akachiyeze, funsani nambala ya accreditation, mukaifufuze pa webusaiti ya bungwe limene linaipereka, muone ngati ikugwirabe ntchito, chifukwa imatha kuimitsidwa kapena kulandidwa. Kenako tsegulani mndandandawo, mutsetse chala mpaka mutapeza mayeso anuwo ndi njira yake yoyezera. Zotsatira zikabwera, onaninso m'munsi mwa pepala: mayeso amene ali kunja kwa mndandanda amayenera kuikidwa chizindikiro, nthawi zambiri kanyenyezi kakang'ono.