Musapale thabwa la Lee-Enfield kuti mpope "uziyandama"

Funso lake silisintha: "Amisiri, mfuti yanga ikumwaza zipolopolo pa chandamale, tandipalirani thabwali kuti mpope usamakhudze paliponse." Wofunsayo wanyamula Lee-Enfield No. 4, mfuti yakale ya asilikali yowomba zipolopolo za saizi ya .303, ndipo nzeruzo wazitola pa YouTube kwa anthu okonza mfuti zamakono. Ndatopa nako kuyankha mmodzimmodzi, ndiye ndinene pano.

Mfuti zamakono za mpikisano zili ndi mpope wonenepa, ndipo zimawomba bwino mpopewo ukakhala pawokha. No. 4, imene asilikali a Britain anailandira mu 1941, sinapangidwe motero. Matabwa ake ndi awiri, lakumbuyo palokha, lakutsogolo palokha, ndipo mpope wake umagwedezeka ndithu chipolopolo chikamadutsa. Opanga anafuna kuti thabwa lakutsogolo ligwire chitsulo m'malo owerengeka: pa timapewa tiwiri takumbuyo totchedwa draws, pansi pa thupi la mfuti pozungulira sikuluwu yaikulu, pa tsinde la mpope, ndi kumapeto pafupi ndi kukamwa, pomwe thabwa limakankhira mpope m'mwamba pang'ono. Pena ponse pasakhudze. Kukankha kumeneko ndi komwe kumachititsa kuti mpope ugwedezeke mofanana nthawi iliyonse mukawomba. Inu mukapala, mwachotsa chimene chimauweta.

Odziwa pang'ono amanditsutsa: nanga akatswiri a ku Bisley, bwalo la mipikisano ya kuwombera, sankasintha? Ankasintha, inde. Ku Bisley, m'chigawo cha Surrey, komwe National Rifle Association ya Britain inasamukira mu 1890, shopu ya Fulton inatchuka ndi ntchito imeneyi. Ena ankachotsa kukankha kwa kumapeto kuja n'kukuika chapakati pa mpope, ena ankalowetsamo tizidutswa ta cork, khungwa lofewa la mtengo. Koma anthu amenewo ankapaka utoto pa chitsulo, kuchilowetsa, kuona pomwe wadinda, kusema kachibanthu konga chikhadabo, kukayesa kubwalo, kubweranso. Sankathira epoxy, guluu wouma gwa, m'thabwa ngati akuthira phala m'mbale. Ndipo musanakhudze kanthu werengani malamulo a mpikisano wanu: m'magulu a mfuti zosiyidwa monga zinaperekedwera kwa asilikali, monga a Civilian Marksmanship Program ku America, mfuti yothiridwa epoxy saloledwa.

Pali mfuti ina imene imandiwawabe. Inali No. 4 Mk I, nambala ya pa thabwa yofanana ndi ya pa chitsulo, chinthu chosowa masiku ano. Mwini wake ataona kuti zipolopolo zikukwera ndi kutsika, anapita nayo kwa munthu wina wokonza zonse, maloko, njinga, mfuti zomwe. Uyo anakumba m'kati mwa thabwa kuchokera kumbuyo mpaka kukamwa, nathira epoxy osapaka mankhwala oletsa kumatirira, nataya kachitsulo kozungulira sikuluwu yaikulu kaja poti "kamalepheretsa kumanga". Kachitsulo kameneko ndi kamene kamaletsa sikuluwu kuphwanya thabwa. Atamanga mwamphamvu, thabwa linafinyika. Tsono pa Mk I tiriga imapachikidwa pa chotchingira chake, chomwe chimakhalira pa thabwa lomwelo. Kulumikiza tiriga ku thupi la mfuti kunadza ndi Mk 2 mu 1949. Thabwa likafinyika, kakokedwe ka tiriga kamasintha. Mfuti imeneyi inali itayamba kuwomba munthu asanamve kulimba kwachiwiri kumene tiriga imayenera kukhala nako isanawombe. Pabwalo pali anthu, zimenezo si zoseketsa.

Kuti nditulutse chitsulo ndinachita kung'amba thabwa. M'kati ndinapeza vuto lenileni, lomwe linalipo kuyambira pachiyambi: ma draws anali atanyowa ndi mafuta a zaka zambiri, ofewa moti chikhadabo chimalowa. Epoxy pamenepo sinagwire n'komwe, pakuti simamatira pa thabwa lamafuta. Inakagwira chitsulo basi. Ntchito yofunika inali kudula pofewapo, kuikapo tizigamba tiwiri ta mtengo wolimba, kusema mpaka thabwa lilowe mothina. Ntchito ya masana amodzi.

Ndiye mfuti ikayamba kumwaza, musathamangire thabwa. Muyambe mwaunika m'kati mwa mpope: zipolopolo zakale za Mk VII zinkasiya mchere wodyetsa dzimbiri, ndipo wonga wake wotchedwa cordite unkaperepesa poyambira mpope. Muone kukamwa ngati sikunakhadzuke. Mmisiri ayeze ndi geji headspace, mpata womwe chipolopolo chimakhala nawo kutsogolo kwa bolt, chitsulo chochitsekera kumbuyo kwa mpope. Mitu ya bolt ya No. 4 ndi yotalika mosiyana, ndipo ili ndi manambala 0 mpaka 3, pa chifukwa chimenechi. Mpope wotha, ngakhale muukhazike bwanji, sudzawomba bwino.

Komanso musazengereze. Mukagwira thabwa lakutsogolo n'kumva likusuntha ngakhale pang'ono, lekani kuwomba. Chipolopolo chilichonse chikumenya timapewa tija, ndipo mapeto ake thabwa limang'aluka kumbuyo, pomwe kukonza kumavuta. Eni ake a SMLE No. 1 Mk III, Lee-Enfield yomwe inatsogolera No. 4, ija asilikali a King's African Rifles ankanyamula, inu kumbukirani ichi: muzichotsa thabwa lakutsogolo musanamasule bawuti ya lakumbuyo. Nsonga ya bawutiyo ndi yamakona anayi ndipo imalowa m'kachitsulo ka kumbuyo kwa thabwa lakutsogolo. Mukaipotoza thabwa lili pomwepo, mwaling'amba. Mmisiri amene sakudziwa zimenezi musamusiyire mfuti yanu, ngakhale atchipitse bwanji.