Ntchito ya opita mumlengalenga imagwiridwa pansi pano

Pa 12 Epulo 1961 Yuri Gagarin wa ku Soviet Union, munthu woyamba kupita mumlengalenga, anazungulira dziko lapansi kamodzi m'chombo cha Vostok 1, ulendo umene unatenga mphindi 108 zokha, ndipo sanapitekonso mpaka pamene anamwalira pa ngozi ya ndege mu Malichi 1968. Pa zaka zisanu ndi zitatu zimene anali pa ntchito imeneyi, nthawi imene anakhala mumlengalenga sinakwane maola awiri. Nthawi ina yonseyo inathera pansi pano, m'zipinda za madokotala, m'makalasi, m'makina oyeserera ulendo, ndiponso pa kudikira mwayi wachiwiri umene akuluakulu ankazengereza kumupatsa poopa kutaya munthu wotchuka chonchi. Kuti timvetse mmene anthu amenewa amasankhidwira, tiyenera kuyang'ana zaka zapansizi, chifukwa ndi m'mene muli ntchito yeniyeni.

Amene anasankha magulu oyamba anali ndi vuto lalikulu, lakuti panalibe munthu ndi mmodzi yemwe amene anali atapitako woti awauze zimene thupi limakumana nazo. Madokotala ena ankaopa kuti munthu akasiya kumva kulemera kwa thupi lake adzalephera kumeza chakudya, ena ankati maso adzasiya kuona bwino, enanso ankati mutu ukhoza kusokonekera. Manthawa anali aakulu moti m'chombo cha Gagarin zowongolera zinali zokhoma, ndipo manambala otsegulira anawaika mu envulopu, poganiza kuti munthu amene mutu wabalalika sangathe kuitsegula n'kudina manambalawo molondola. Posadziwa kuti choopsa chenicheni chibwerera kuti, anangoti asankhe anthu amene matupi awo angapirire chilichonse.

Ku United States, Pulezidenti Eisenhower analamula kuti asankhidwe pakati pa asilikali oyesa ndege zatsopano, anthu amene anazolowera kuulutsa ndege yosadziwika khalidwe lake n'kubwera kudzauza mainjiniya pamene pakuvuta. Bungwe la NASA, loona za maulendo a mumlengalenga m'dzikolo, linkafuna munthu wosakwana zaka 40, wosapitirira masentimita 180 kutalika chifukwa chombo cha Mercury chinali chothina, wophunzira mpaka digiri, komanso amene anauluka maola 1,500. Mwa anthu 508 amene mafayilo awo anaonedwa, 110 okha ndi amene anakwanitsa zimenezi, ndipo 32 anatumizidwa kukayezedwa ku chipatala cha Lovelace ku Albuquerque. Kuchokera kumeneko anapita ku malo a asilikali a Wright-Patterson ku Ohio, kumene ankawatsekera m'chipinda chotentha madigiri 54, kuwaviika mapazi m'madzi a ayisi, ndi kuwasiya okha m'chipinda chamdima chosamveka phokoso lililonse. Pa 9 Epulo 1959 anthu asanu ndi awiri anaonetsedwa kwa atolankhani. Ife amene timayeza thanzi la oyendetsa ndege tikawerenga za mayeso amenewa timaona kuti ambiri mwa iwo ankayeza mantha a madokotalawo kuposa luso la munthu. Jim Lovell anachotsedwa pa gulu limeneli chifukwa cha kachizindikiro kena m'magazi kokhudza chiwindi, koma anasankhidwa mu 1962, anapita mumlengalenga kanayi, ndipo ndi amene anatsogolera Apollo 13 pamene chombocho chinaphulika thanki chili pa ulendo wa kumwezi mu 1970.

A Soviet Union anayenda njira yosiyanako. Chombo chawo chinkadziyendetsa chokha, choncho sanafune akatswiri okhwima pa ndege. Mu 1960 anasankha anyamata 20 oyendetsa ndege zankhondo, aafupi ndi opepuka thupi kuti akwane mu Vostok, ndipo Gagarin mwiniwake anali wa masentimita 157. Limodzi mwa mayeso awo linali kukhala wekha kwa masiku khumi kapena kuposerapo m'chipinda chotsekedwa, mmene nthawi zina mpweya wa okosijeni unkachulukitsidwa. Pa 23 Malichi 1961 Valentin Bondarenko, wa zaka 24, atachotsa zipangizo zoyezera pathupi pake anadzipukuta ndi thonje loviika mu sipiriti, thonjelo linagwera pa kachitofu kamagetsi, ndipo chipinda chonse chinayaka. Anamwalira patangotsala milungu yosakwana itatu kuti Gagarin anyamuke, ndipo boma linabisa imfa yake mpaka 1986. Mu Januwale 1967, ku United States, Gus Grissom, Ed White ndi Roger Chaffee anapsa m'chombo cha Apollo 1 chodzaza ndi okosijeni, akuyeserera ulendo roketi ili pansi. Ndimaona kuti kubisa ngozi pa ntchito ngati imeneyi n'kulakwira amoyo, pakuti malamulo ambiri oteteza anthu pa maulendo a ndege analembedwa pambuyo pa imfa ya wina imene inafufuzidwa poyera.

Lamulo lakuti wosankhidwa akhale woyesa ndege zankhondo linatsekera kunja amayi onse, popeza asilikali sankawalola kugwira ntchito imeneyo. Dokotala Lovelace, mkulu wa chipatala cha ku Albuquerque chija, anayeza amayi oyendetsa ndege mwa iye yekha, ndipo 13 anakhoza mayeso a thupi amene amuna aja anadutsamo, koma NASA sinawatenge. Mmodzi mwa iwo, Wally Funk, anadzakwera roketi ya Blue Origin mu Julayi 2021 ali ndi zaka 82. A Soviet Union anasankha amayi asanu mu 1962, makamaka poyang'ana luso lodumpha ndi parachuti, chifukwa woyenda mu Vostok ankatuluka m'chombo chisanafike pansi. Valentina Tereshkova, amene ankagwira ntchito pa fakitale ya nsalu, anazungulira dziko maulendo 48 mu Juni 1963. Anzake anayi aja sanapite, ndipo panapita zaka 19 mayi wina, Svetlana Savitskaya, asanakwere.

Maphunziro enieni anaumbidwa ndi mavuto amene anthu anakumana nawo kumwambako. Mu Malichi 1965 Alexei Leonov anatuluka kunja kwa chombo cha Voskhod 2 kwa mphindi 12, ndipo chovala chake chinafufuma n'kuuma moti anachita kutulutsa mpweya wina kuti athe kulowanso pakhomo. Pobwerera, iye ndi Pavel Belyayev anatera kutali ndi malo amene ankawayembekezera, m'nkhalango ya chipale chofewa kufupi ndi Perm, ndipo anagona kumeneko usiku uwiri. Mpaka lero aliyense wokwera chombo cha ku Russia cha Soyuz amaphunzitsidwa kumanga msasa ndi nsalu ya parachuti, kusonkha moto m'nkhalango yozizira, ndi kusintha zovala m'kachombo kothina kakuyandama pamadzi. Chaka chotsatira Gene Cernan anavutika kunja kwa chombo cha ku United States cha Gemini 9 chifukwa chosowa pogwira: akapotoza chinthu, thupi lake lonse linkapotokera mbali inayo, thukuta linamutuluka mpaka galasi la chisoti linachita nkhungu. Buzz Aldrin anakonzekera ulendo wa Gemini 12 pansi pa madzi, atavala chovala chonse, ndipo mu Novembala 1966 anagwira ntchito yake modekha, ataikirapo zogwirira ndi zomangira mapazi.

Kuchokera pamenepo dziwe la madzi linakhala kalasi yaikulu. Limene lili ku Houston ndi lalitali mamita 62, lotambalala mamita 31, lakuya mamita 12, ndipo m'kati mwake anamizamo zifaniziro za zigawo za International Space Station, siteshoni yozungulira dziko mmene opita mumlengalenga amakhala, pa msinkhu wake weniweni. Wophunzira amamuveka chovala cholemera kuposa iye mwini, amamutsitsira m'madzi ndi chikepe chonyamulira katundu, kenako akatswiri osambira pansi pa madzi amamuikira tizitsulo apa ndi apo mpaka atasiya kumira ndi kuyandama komwe. Amakhala mmenemo mpaka maola asanu ndi limodzi akumasula mabawuti. Chimene chimatopa kwambiri ndi manja, chifukwa magolovesi amakhala odzaza mpweya ndipo kupinda chala chilichonse n'kulimbana nawo, moti ena zikhadabo zimawasupuka. Madziwo sachotsa kulemera kwenikweni, chifukwa munthu akazondoka magazi amathamangirabe kumutu. Kupepuka kwenikweni amakulawa m'ndege imene imakwera mwamphamvu n'kudzigwetsa, ndipo pa kugwa kulikonse amayandama masekondi pafupifupi 25. Kulemera kwa nthawi yonyamuka ndi yobwerera amakuphunzira m'makina amene amamuzunguza ngati mwala m'gulaye. Ku Star City kufupi ndi Moscow mkono wa makina amenewa ndi wa mamita 18, ndipo amazunguza munthu mpaka thupi lake limveke lolemera kasanu ndi katatu, iye akuyesetsa kupumira m'mimba ndi kuyankha mafunso.

Koma maola ochuluka kuposa onse amathera m'makina oyeserera ulendo, mmene aphunzitsi amawononga zinthu mwadala. Amazimitsa injini imodzi, amadula wailesi, amanamiza kompyuta, kenako amaona ngati a m'chombo ndi a m'chipinda chowongolera agwirizana chimodzi nthawi isanathe. Cholinga si kuloweza mayankho ayi, koma kuti tsiku la vuto lenileni munthu adzakhale atazolowera kuganiza mabelu akulira. Neil Armstrong anaphunzira kutera pamwezi m'makina ouluka oopsa kwambiri, ndipo pa 6 Meyi 1968 anadziponya kunja ndi mpando wake masekondi ochepa makinawo asanagwe n'kuyaka. Ngakhale zinali choncho, iye anaumirira kuti maphunzirowo apitirire, ndipo pa 20 Julayi 1969 anawongolera chombo ndi manja kudutsa malo amiyala, mafuta atatsala pang'ono kutha.

Ntchito ikasintha, munthu wofunidwa amasinthanso. Mu 1965 NASA inatenga asayansi asanu ndi mmodzi, ndipo amene sankadziwa ndege anayamba aphunzira kuulutsa ndege za jeti kwa chaka. Mmodzi yekha mwa iwo, Harrison Schmitt, katswiri wa miyala, anafika pamwezi, pa ulendo womaliza mu Disembala 1972. Chombo cha Space Shuttle chitabwera, chonyamula anthu asanu ndi awiri, panafunika madokotala, mainjiniya ndi asayansi amene sayendetsa chombo, ndipo gulu la anthu 35 la mu 1978 linali loyamba kukhala ndi amayi ndi anthu akuda. Sally Ride ndi Guion Bluford, onse a gulu limeneli, anapita mu 1983. Kuyambira Novembala 2000 pa International Space Station sipanasowepo munthu, ndipo ulendo umodzi nthawi zambiri umatenga miyezi isanu ndi umodzi. Munthu wofunika kumeneko ndi amene angakonze chimbudzi m'mawa, kutenga magazi a mnzake masana, kuchita masewera olimbitsa thupi maola awiri tsiku lililonse kuti mafupa asafooke, ndi kukhala mwamtendere ndi anthu omwewo m'malo othina osatulukamo. N'chifukwa chake osankha masiku ano amafunsa kwambiri za mmene munthu amalandirira chidzudzulo ndi mmene amasamalira anzake akatopa. Opikisana ndi ochuluka zedi: mu 2017 NASA inatenga 12 mwa anthu oposa 18,000, ndipo mu 2022 bungwe la ku Ulaya la ESA linatenga 17 mwa oposa 22,000. Pakati pawo panali John McFall, dokotala wa ku Britain amene anadulidwa mwendo wakumanja, munthu amene madokotala a mu 1959 sakanamuyang'ana n'komwe. Osankhidwa ndi NASA amaphunzira zaka ziwiri zoyambirira, kuphatikizapo Chirasha, asanayambe n'kudikira komwe ulendo. Ngakhale olipira okha sazemba kalasi: Mark Shuttleworth wa ku South Africa anakhala miyezi yambiri ku Star City asanakwere Soyuz mu Epulo 2002.

Kudikirako ndi kumene anthu akunja sitikuona, ndipo kumayesa munthu kuposa makina onse. Deke Slayton, mmodzi wa asanu ndi awiri oyamba aja, analetsedwa kuuluka mu 1962 chifukwa mtima wake sunkagunda mwadongosolo. Sanachoke. Anakhala amene ankasankha anthu okwera Gemini ndi Apollo, akutumiza anzake kumwezi iye ali muofesi, mpaka madokotala anamulola ndipo anapita mu Julayi 1975, pa ulendo umene Apollo inalumikizana ndi Soyuz, ali ndi zaka 51. Alan Shepard anauluka mphindi 15 mu 1961, kenako matenda a m'khutu obweretsa chizungulire anamukhazika pansi kwa zaka zambiri, ndipo atachitidwa opaleshoni anayenda pamwezi mu 1971. Don Lind anasankhidwa mu 1966 koma anakwera mu 1985. Mwa anyamata 20 a gulu la Gagarin, asanu ndi atatu sanapite n'komwe. Pa zaka zodikirazo munthu sakhala chabe: amayesa zipangizo zatsopano, amalemba ndondomeko zimene ena adzatsate, amalankhula pa wailesi ndi anzake amene ali m'chombo, amayang'anira mabanja awo. Ambiri amaphunziranso ulendo wonse ngati olowa m'malo, akudziwa kuti ngati mwini ulendo sadwala, iwo adzangoimirira pansi kuonerera roketi ikunyamuka.

Dziko la China litasankha gulu lake loyamba la oyendetsa ndege zankhondo 14 mu 1998, Yang Liwei ndi amene anayamba kupita, mu Okutobala 2003. Mnzake wa gulu lomwelo, Deng Qingming, anakonzekera maulendo angapo ngati wolowa m'malo, akulemba mayeso omwewo ndi kuzunguzidwa m'makina omwewo chaka ndi chaka, pamene achinyamata amene analowa pambuyo pake ankamupitirira, ndipo ena a gulu lake anapuma pa ntchito osakwerako. Iye anasunga thupi lake ndi maphunziro ake pa mlingo wofunika kwa zaka pafupifupi 25, mpaka anakwera Shenzhou 15 mu Novembala 2022 ali ndi zaka 56, ndipo anakhala miyezi isanu ndi umodzi pa siteshoni ya Tiangong.