Mmene tchalitchi cha Nkhoma chidakhalira patsinde pa phiri la Mazengera

Ukachoka mu mzinda wa Lilongwe kulowera ku Dedza, n'kukhota pa Kamphata, msewu umakakusiya patsinde pa phiri la Nkhoma. Pamenepo pali chipatala, sukulu ya sekondale ya William Murray, sukulu ya abusa ya Josophat Mwale, maofesi a sinodi, ndipo pakati pa zonsezi pali tchalitchi cha njerwa zootcha chomwe akuluakulu ena mpaka lero amangoti "kwa Adachi".

Adachiwo anali amishoni a Dutch Reformed Church ochokera ku Cape, ku South Africa. Sadayambire pa Nkhoma ayi. Mu 1889 abusa Andrew Charles Murray ndi T.C.B. Vlok adamanga misasa yawo ku Mvera, m'dziko la mfumu yachingoni Chiwere. Ku Nkhoma adafikako mu 1896, Vlok yemweyo ali ndi mnzake J. du Plessis.

Ambiri pofotokoza mbiriyi amayankhula ngati azungu adangoona phiri lokongola n'kulikonda. Kunena zoona, mwini nkhani ndi Mazengera. Nthawi imeneyo Achewa a mfumuyi ankakhala pamwamba pa phiri, m'mapanga ndi m'mipata ya miyala, pothawa nkhondo za Angoni. Kulima kunali kozemba: kutsika m'mawa, khasu pang'ono, maso ali kunjira, dzuwa lisanapendeke n'kukweranso. Mfumu yokhala chonchi ikamva kuti kwa Chiwere kuli azungu omwe Angoni sawaputa, siyamba yafunsa za katekisimu. Mazengera adawalandira poona kuti akakhala patsinde, anthu ake apuma. Ndipo zidaterodi, midzi idayamba kutsika m'phiri n'kukhazikika m'chigwa.

Nyumba zoyamba zopemphereramo pa mishoni zoterezi zinkakhala za mitengo, dothi ndi udzu, ndipo nyumba yomweyo inkakhalanso sukulu pakati pa sabata. Njerwa zidabwera mpingo utakula. Zithunzi zakale zimakonda kuonetsa mzungu ataima pakhomo, koma woponda dothi, woumba, wosonkhezera uvuni usiku wonse ndi wosenza madzi pamutu anali anthu a m'midzi yomweyi, ena mwa iwo adakali m'kalasi, asanabatizidwe n'komwe.

Nkhondo yoyamba ya dziko lonse isanayambe, William Hoppe Murray adasamutsa likulu la mishoni kuchoka ku Mvera kubwera pa Nkhoma. Apa m'pamene malowa adasinthiratu. Chipatala chidayamba mu 1915. Makina osindikizira mabuku adabwera, kuphunzitsa aphunzitsi kudakhazikika pompano, ndipo Murray yemweyo ndiye adatsogolera ntchito yomasulira Buku Lopatulika lomwe lidatuluka mu 1922, lija agogo athu saloleza kuti uwawerengere lina.

Sikuti zonse zinkayenda mwamtendere. Mpingo ndi gule wamkulu ankayang'anizana ndi diso lofiira kwa zaka zambiri: sukulu ikatsegulidwa m'mudzi, akudambwe ankaona kuti anyamata akuwathawa, mpingo nawonso unkadula aliyense wopezeka kudambwe. Chinamwali adachiletsa, m'malo mwake n'kuikapo chilangizo, chomwe alangizi amachititsabe mpaka pano.

CCAP idapangidwa mu 1924 ndi Livingstonia ndi Blantyre, Nkhoma n'kulowamo mu 1926. Mu 1956 Nkhoma idakhala sinodi. Koma chaka chomwe ine ndimachiona cholemera ndi 1962, pomwe mishoni ya Adachi idapereka m'manja mwa sinodi matchalitchi, sukulu, zipatala ndi katundu yense, dziko lisanalandire n'komwe ufulu wodzilamulira mu 1964. Kuyambira pamenepo denga likadontha panalibenso zodikira kalata yochokera ku Cape. Akulu ampingo ndi atumiki ankakhala pansi, chopereka n'kulengezedwa paguwa, amayi a Chigwirizano n'kugawana zochita.

Mipingo ikuluikulu ya mumzinda monga Lingadzi ndi Msonkhamanja lero ili ndi akhristu ochuluka komanso ndalama zambiri kuposa mpingo wakumudziwu, komabe likulu la sinodi silidasamukire ku Lilongwe. Mbusa wa m'tauni akaitanidwa ndi akuluakulu ake, amakhotabe pa Kamphata.