Momwe Oxford idapulumutsira dambo lake, mabasi n'kudzaza misewu ya anthu

Mkangano wa mabasi a park and ride (onyamula anthu omwe asiya magalimoto awo kumalire a tauni) mumzinda wa Oxford ku England muzu wake uli pa mitsinje iwiri. Thames ndi Cherwell adaupana mzindawu, kotero kuti misewu yolowera pakati pa tauni ndi yochepa. Wochokera kuzambwe alibe njira ina koma Botley Road, ndipo misewu ya kuvuma yonse imakathira pa mlatho umodzi wa Magdalen. William Morris atayamba kupanga magalimoto ku Cowley, dera la kuvuma kwa mzindawu, mu 1913, anthu adachuluka kutsidya kwa Cherwell, ndipo High Street, msewu wa makoleji akalekale, udasanduka mpita wa malole ndi mabasi.

Nzeru ya nthawi imeneyo inali yakuti magalimoto akathithikana, lambulani msewu wina. Mu 1948 katswiri wokonza mapulani a mizinda, Thomas Sharp, adati msewu watsopano udutse m'dambo la Christ Church, lomwe mpaka lero mumadya ng'ombe. Anthu adakangana zaka zoposa 20. Ena adati msewuwo aukumbe pansi kuti usamaoneke, ena adati ausunthire kumwera, komwe ukadagwetsa nyumba za anthu wamba. Pomalizira pake palibe udamangidwa. Mu 1973 khonsolo ya mzinda idasintha maganizo: mlendo azisiya galimoto yake kumalire a tauni, akwere basi. Malo oyamba oimikapo magalimotowo adatsegulidwa ku Redbridge kumapeto kwa chaka chomwecho, ndipo ndiwo park and ride yakale kwambiri ku Britain mwa zomwe zikugwirabe ntchito. Seacourt ndi Pear Tree zidatsatira zaka za m'ma 1970 zisanathe, Thornhill mu 1985, kenako Water Eaton mu 2002.

Ine ndikuona kuti chiganizocho chinali chabwino, ndipo dambo lija likadalipo chifukwa cha icho. Koma pali funso lomwe silidafunsidwe mokwanira: basiyo idzera kuti? Oxford sidamangire mabasiwa msewu wawowawo. Ochokera ku Redbridge amatsata Abingdon Road, a ku Seacourt Botley Road, a ku Thornhill amatsika London Road kudutsa Headington mpaka St Clement's, pomwe a kumpoto amadzera Woodstock Road ndi Banbury Road. Yonseyi ndi misewu yomwe anthu amakhalamo. Ku Abingdon Road ndi ku St Clement's nyumba zambiri ndi zogundizana, zomangidwa galimoto isanafale, khomo lili pafupi ndi phula. Basi yosanja ikaima pa siteji, wokhala m'mwamba amasuzumira m'chipinda chogona cha munthu. Mwini nyumbayo sapindula kwenikweni ndi basi imeneyi, popeza adaikonzera munthu wochokera kumidzi ndi kumatauni ozungulira, koma phokoso la m'mamawa ndi kunjenjemera kwa mazenera ndi zake, monga momwe utsi wa dizilo udalili kwa zaka zambiri.

Zinthu zidafika poipa boma litamasula malonda a mabasi mu 1986. Chaka chotsatira kampani ya Thames Transit idabwera ndi timabasi tating'ono kudzalimbirana okwera ndi Oxford Bus Company, ndipo misewu yomwe ija idadzaza mabasi ondondozana. Mu 1999 akhonsolo adachotsa magalimoto mu Cornmarket Street, msewu wa masitolo, masana n'kutseka High Street kwa magalimoto a anthu wamba ongodutsa. Pakati pa tauni padapepuka, koma St Clement's, khomo la mabasi onse a kuvuma, idakhala zaka zambiri ili malo a mpweya woipitsitsa mwa omwe khonsolo imayeza, kupyola malire a lamulo.

Odandaula ali ndi mfundo inanso yomwe siyenera kunyozedwa. Kafukufuku wa m'zaka za m'ma 1990 wa Graham Parkhurst, katswiri wa za mayendedwe, yemwe adafunsa okwera a ku Oxford ndi ku York, adapeza kuti ena mwa iwo kale ankakwera basi kapena sitima ulendo wonse kuchokera kwawo. Malo oimikapo otchipa adawabwezera m'galimoto. Ndiye kuti si basi iliyonse yodutsa pakhomo pa munthu wa ku Headington yomwe yachotsadi magalimoto pamsewu.

Kodi dandaulo ulitula kwa yani? Apa ndi pomwe ambiri amafookera. Misewu ili m'manja mwa khonsolo ya chigawo cha Oxfordshire. Redbridge, Seacourt ndi Pear Tree ndi za khonsolo ya mzinda, pomwe malo awiri otsalawo ndi a chigawo. Mabasi eniake ndi a kampani. Pamene khonsolo ya mzinda idafuna kukuza Seacourt, anthu a ku Botley Road pamodzi ndi gulu lolimbana ndi kusefukira kwa madzi la Oxford Flood Alliance adakana, poti malowo ndi chigwa chomwe chimalandira madzi Thames ikasefukira, ndipo iwo adaona kale madzi ali m'nyumba zawo mu 2007. Ntchitoyo idachitikabe.

Utsi wokha ndiwo wapezeka mankhwala. Mu 2014 mabasi akale autsi adaletsedwa pakati pa mzinda, ndipo mu 2024 mudalowa mabasi 159 oyendera magetsi. Amene amakhala m'mbali mwa London Road tsopano akupuma mpweya wabwinoko, ndipo phokoso la injini lachepa. Komatu basi ya magetsi ndi yolemera chifukwa cha mabatire, kukula kwake n'komwe kuja, ndipo imadutsabe pomwe ana amawolokera popita kusukulu. Nkhani ya liwiro, ya malo oika siteji ndi ya mabasi oyenda opanda okwera usiku batire siyingaithetse.

Ndipo kumanga kukupitirira. Ku Eynsham, mudzi wa kuzambwe kwa Oxford m'mbali mwa msewu wa A40, chigawo chidamaliza malo oimikapo magalimoto 850 mu 2024, koma adakhala osagwiritsidwa ntchito chifukwa njira yolumikiza malowo ndi msewu waukulu inali isanamangidwe. Mabasi ake akadzayamba kuyenda, nawonso adzalowa mu Oxford kudzera m'misewu ya anthu, ndipo eni nyumba za m'misewuyo ayenera kufunsidwa njira isanalembedwe pamapu.