Injini ya mu thiraki ya range extender siyendetsa matayala

Kwa zaka zambiri ndakhala ndikumva anthu akunena kuti thiraki ya range extender ndi galimoto ya petulo wamba imene angoipatsa dzina la magetsi. Zafika potopetsa, ndiye tiyeni tiwongole.

M'thiraki yotereyi, chimene chimazunguza matayala ndi mota yamagetsi yotenga mphamvu ku batire. Injini ya petulo ilimo ndithu, koma ntchito yake ndi kuzunguza jenereta kuti batire likayamba kutsika lizidzazidwa muli pamsewu. Batirelo mumalitchajanso pa soketi, moti maulendo afupiafupi mutha kuyenda injini osalira n'komwe.

Posankha pakati pa thirakiyi ndi yamagetsi okhaokha, nkhani ili pa katundu ndi mtunda. Thiraki yamagetsi okhaokha ilibe oilo wa injini woti muzisintha, ilibenso ekizozi, koma ikakoka ngolo yolemera batire limatha msanga kwambiri, ndipo kumidzi malo otchajira ndi osowa. Ya range extender imakupulumutsani pamenepo, ngakhale mumakhala mukusamalira zinthu ziwiri, injini ndi batire. Kwa ine, wonyamula katundu m'tauni mokha injiniyo angoilipirira pachabe.

Musanatumize mphekesera zoterezi kwa anzanu, tsegulani buku la galimotoyo. Onani kukula kwa batire mu kWh (muyezo wa magetsi amene batire limasunga), mtunda woyenda ndi magetsi okha, ndiponso ngati akunena kuti injini imalumikizana ndi matayala. Ikalumikizana, imeneyo ndi plug-in hybrid, mtundu wina.